Vanishi Wosayesa pa Supuni

Mwana wanga Tinthu sapopera kanthu asanayese pa supuni. Limeneli ndi lamulo lake, ndipo m'nyumba mwathu masupuni apulasitiki sitimataya. Amapenta kumsana kwa supuni ndi penti yemwe wapentera ntchito yake, n'kupoperapo vanishi woteteza pentiyo, n'kudikira tsiku lathunthu kuti aone ngati ziwirizo zikugwirizana. Ine zodikira sindizitha, koma iyeyo anatengera bambo ake.

Dzina la Tinthu anamupatsa ndi anzake akusukulu chifukwa cha ntchito yakeyo. Amapanga tinyumba, timabasi, tianthu totalika ngati chikhadabo cha chala chachikulu. Kampani ina yojambula mapulani a nyumba, ya kumzinda waukulu komwe basi imayenda tsiku lonse, inalengeza kuti ikufuna munthu mmodzi wopanga tinyumba toonetsa makasitomala. Mmodzi yekha. Aliyense abweretse ntchito ya manja ake Lolemba. Tinthu anapanga depoti ya mabasi yonse, mpaka kamayi kogulitsa nthochi pageti. Miyezi inayi tinkadyera pamiyendo chifukwa tebulo lathu linali depoti.

Chinatsala ndi vanishi basi.

Mnyamata wake timamutcha Wamapenti, poti ali ndi kashopu ka penti kuseri kwa msika kumene ine ndimagulitsa makatani. Ndinamukana chaka chathunthu. Munthu wolankhula mofewa kwambiri ine amandikayikitsa, ngati nsalu yotsika mtengo yopanda chilema. Tsiku limene ndinamulola kulowa m'nyumba ndinamuuza maso ndi maso kuti, "Mwana wanga sadzasiya ntchito ya manja ake chifukwa cha iwe. Ukavomera, mpando ndi uwo. Ukakana, chitseko ndi icho." Anakhala pampando. Kuyambira pamenepo ndinamutenga ngati mwana wanga wobereka ndekha.

*

Lolemba, kutatsala sabata imodzi, Wamapenti anabwera masana ndi zitini zitatu za vanishi m'jumbo. Anazindandalika pambali pa depoti ngati akugulitsa.

"Mwasankha uti, abwana?" Wamapenti anamufunsa Tinthu uku akuseka.

"Wowalayu chotsa kaye," Tinthu anatero. "Ukufuna basi yanga ioneke ngati chidole cha pashelefu? Basi yeniyeni ili ndi fumbi, siiwala. Akampani akayatsa magetsi awo aja n'kujambula chithunzi, wowalayo angothobwa anthu m'maso."

"Ndiye mwakana mwana wa eni ake chifukwa chowala? Nanga ine munandilola bwanji?"

"Iwe suwala. Ndiwe wosawala weniweni, n'chifukwa chake ndinakutola."

Bambo ake Tinthu, omwe ankakonza wotchi pawindo, anaseka mpaka kagalasi ka padiso kanagwa. Iwo ntchito yawo ndi mawotchi, ndipo mawu awo patsiku sakwana dzanja.

Panatsala zitini ziwiri, zonse za vanishi wosawala. Wamapenti anafotokoza kuti wina ndi wamadzi, wofatsa, amauma mochedwa koma savutitsa penti wapansi. Winayo ndi wathina, mankhwala onunkha osungunulira penti aja, amauma msanga, ndi wolimba, koma ndi waukali. Akakumana ndi penti amene sakugwirizana naye amamudya.

"Ndiye wofatsayo," ndinalowererapo. "Nkhani yake ndi iti apa?"

"Amayi, wamadzi naye nthawi zina amachita mbuu ngati waulutsira ufa," Tinthu anatero. "Sungadziwe usanayese."

Anatenga masupuni atatu omwe anawapenta kale ndi mitundu ya mabasi ake, atamatapo ndi timanambala. Zogwirira zake anazikulunga ndi tepi wabuluu, monga amachitira nthawi zonse. Wamapenti anatambasula dzanja.

"Ndipatse, ndikayesera kushopu. Kuno kuli fumbi la makatani a amayi."

"Makatani anga ali ndi fumbi? Tuluka m'nyumba mwanga!"

Tonse tinaseka. Tinthu anamuika masupuniwo m'thumba la shati, n'kumusisita pachifuwa pomwepo. Ine ndinayang'ana kumbali.

*

Wamapenti anabweranso Lachinayi m'mawa ndi kabotolo kopanda chizindikiro. Anati wathiramo kuchokera m'chitini chachikulu, wasungunula kale, kwangotsala kuika m'kamfuti kopopera.

"Ndi wamadzi uja?" Tinthu anafunsa.

"Yemweyo. Masupuni atuluka bwino ngati khungu la mwana."

"Ali kuti?"

Anadzigwiragwira m'matumba. "Aa, ndawaiwala pakauntala. Ndinanyamuka mothamanga, kukubwera katundu."

Tinthu anatsegula kabotoloko n'kununkhiza. Anakwinya mphuno. "Koma fungoli..."

"Kabotoloko munali thina kale. Ndatsuka, koma fungo silichoka. Wokondedwa, ine ndingakunamize pa depoti yako?"

Anamupsompsona pamphumi n'kuthamangira kushopu. Tinthu anatsala ataima ndi kabotolo m'manja. Kenako anatsegula dirowa n'kutulutsa supuni yatsopano.

Apa ndi pamene ndimadziluma lilime mpaka lero.

"Ukuyambanso za masupuni?" ndinatero. "Upente lero, upopere mawa, uone mkuja, ndiye basi ukwera liti? Mwamuna wako wayesa kale. Ngati sumukhulupirira pa kabotolo, udzamukhulupirira pa chiyani? Popera, ine ndikufuna tebulo langa."

Anandiyang'ana, n'kubwezera supuni ija m'dirowa. Anamata timawindo tonse ndi tepi kuti tisachite khungu, anatulutsa depoti pakhonde, n'kuyamba kupopera. Anayambira padenga, kenako mabasi a mzere woyamba.

Sipanathe nthawi yoti madzi n'kuwira. Penti wapadenga anayamba kukwinyika ngati mkaka wowiritsa ukamazizira. Basi yofiira inatuluka matuza. Timanambala tija tinapindika n'kusungunuka. Kamayi ka nthochi, komwe vanishi anakadonthera, nkhope yake inatsetsereka n'kufika pachifuwa.

Tinthu sanakuwe. Anaika kamfuti pansi mwaulemu, n'kukhala pasimenti miyendo atatambasula. Bola akanakuwa.

*

Madzulo ake Tinthu anandiwerengera mauthenga, poti ine zilembo zing'onozing'ono za pafoni zimandichedwetsa.

Iye analemba kuti: "Depoti yapsa. Wandipatsa chiyani?"

Wamapenti anayankha kuti: "Mayo ine! Sizingatheke. Kunali chinyezi m'mawa, mwina ndi chimenecho. Usalire mtima wanga, ntchito zina zidzapezeka konkuno. Ine ndilipo."

"Chinyezi chimayeretsa, sichisungunula penti," Tinthu anandiuza. Koma ananena ngati munthu amene akufuna wina amutsutse.

Pomwepo pagulu lawo la pafoni la opanga tinthu panalowa chithunzi. Anatumiza ndi mtsikana wina amene timamutcha Wazikhadabo, chifukwa zikhadabo zake ndi zazitali ngati za nkhwazi ndipo sitidziwa kuti tianthu amatigwira bwanji. Nayenso ankafuna ntchito yomweyo. Ndiponso si chinsinsi kuti asanadziwane ndi mwana wanga, Wamapenti anayendapo naye miyezi ingapo. Pachithunzipo panali kachipatala kake, kosalala bwino, kosawala ngakhale pang'ono. Pansi analemba kuti: "Ukakhala ndi wokusankhira vanishi, tulo umagona."

Tinthu anawerenga kawiri n'kuponya foni pampando, n'kukadzitsekera kuchipinda.

Ndinaitola. Kuwerenga ndimachedwa, koma diso langa ndi la pamsika. Katani ikakhala ndi kabowo ngati ka singano ndimakaona ndili kutsidya la msewu. Ndinakulitsa chithunzicho ndi zala. Pakona, kuseri kwa kachipatala, panali kapu. M'kapumo munatulukira zogwirira zitatu zokulungidwa ndi tepi wabuluu.

Sindinauze munthu.

*

Lachisanu m'mawa sindinatsegule benchi yanga. Ndinakwera masitepe a nyumba yosanja imene Wazikhadabo amakhala, mpaka mawondo anandikumbutsa zaka zanga. Anatsegula atavala gauni, m'manja muli kapu ya tiyi.

"Aa, amayi ake a Tinthu! Mwasochera?"

"Ndabwera kudzatenga masupuni a mwana wanga."

"Masupuni? Kwanu atha?"

"Mwana iwe, ine ndakwera masitepe makumi anayi. Mpweya wotsala ndi wochepa, ndiye ndiugwiritsa ntchito bwino. Pali njira ziwiri. Undipatse masupuniwo ndizipita mwakachetechete. Apo ayi ndikhala pakhomo pano n'kuyamba kufotokozera aliyense wodutsa kuti ndiwe ndani. Mawu anga amamveka kuchokera ku makatani mpaka kogulitsa matayala. Sankha."

Zitseko ziwiri za anansi zinali zitatseguka kale pang'ono. Anandikokera m'kati.

Anawatulutsa m'kapu n'kuwaponya patebulo. Ndinawatembenuza. Yoyamba inali yowala ngati galasi. Yachiwiri yosalala, yosawala, timanambala tili bwinobwino, ndipo patepi panalembedwa ndi bolopeni kuti "uyu". Yachitatu inali yokwinyika, yamatuza, chimodzimodzi denga la depoti. Patepi pake panali mtanda waukulu.

Ndiye kuti Wamapenti ankadziwa. Anayesa. Anaona ndi maso ake. Analemba ndi mtanda. Kenako anathira wamtandayo m'kabotolo n'kupsompsona mwana wanga pamphumi.

"Anabwera nawo liti?"

"Lachitatu," anayankha uku akuyang'ana zikhadabo zake. "Anati ndione ndekha kusiyana kwake, n'kundisiyira chitini cha wabwinoyo. Ine sindinapemphe. Mwina mwamuna amadziwa yekha kumene mtima wake unatsala, amayi."

"Anagona kuno?"

Anangomwetulira. Kumwetulira kumeneko ndimakudziwa. Ndi kwa wogulitsa amene akufuna uganize kuti kuseri ali ndi katundu wambiri pamene alibe.

"Sanakhale n'komwe pansi," ndinatero. "Akanagona ukanandiuza ndisanafunse."

Kumwetulira kuja kunazima. Ndinaika masupuni m'chikwama n'kutuluka.

*

Kushopu ndinapeza Wamapenti akusakaniza penti wa kasitomala. Atandiona anavula chipewa.

"Amayi, takulandirani. Tinthu wadzuka bwanji? Usiku wonse ine..."

Ndinauza kasitomala uja kuti akabwere mawa. Anayang'ana nkhope yanga n'kutuluka osatsutsa. Ndinakoka chitseko, n'kuyala masupuni atatu aja pakauntala, yamtanda pakati.

Anawayang'ana. Kenako anakhala pachitini.

"Lankhula," ndinatero. "Ndipo mawu ofewa aja uwasiye m'thumba."

"Si zimene mukuganiza, amayi. Mtsikana uja ine ndilibe naye kanthu."

"Zimenezo ndadziwa kale. Ukanakhala wachimasomaso bwenzi ndikukumvetsa, amuna otero adzaza msika. Ndikufunsa za depoti. Miyezi inayi mwana wanga maso akutuluka misozi ndi guluu. Unkabwera n'kumamugwirira nyale. Unamudulira ndi timatayala. Ndiye?"

"Akanapambana," anayankha motsitsa. "Inu simunaone ntchito za enawo, ine ndinaziona. Palibe wofika pa iye. Akanamutenga tsiku lomwelo. Ulendo wa tsiku lonse, amayi. Kumeneko kuli amuna ovala mataye, ojambula mapulani, a magalimoto. Ine ndine ndani? Munthu wonunkha thina. Pakanatha miyezi itatu foni yake ikanayamba kulira yokha osayankhidwa."

"Ndiye unaona kuti bola umuthyole miyendo kuti asathawe."

"Ndimamukonda."

"Tseka pakamwa! Nkhuku imene ndimaikonda ine ndimaidula mapiko, koma ndi nkhuku. Pampando paja unavomera chiyani?"

Anayamba kulira. Misozi ya mwamuna ine siindigula. Ndinamufunsa chifukwa chimene anaperekera wabwinoyo kwa Wazikhadabo. Anati ankafuna kuti malowo atengedwe ndithu ndi wina, kuti kampani isadzati tidikire Tinthu akonze.

Anaganiza zonse. Mpaka kumapeto.

"Depotiyo ingakonzeke pofika Lolemba?" ndinafunsa.

Anapukuta mphuno. "Anapopera denga ndi mzere woyamba basi. Atapala denga lero, n'kupenta mawa, mabasi opsawo n'kuwachotsa... ingaoneke yochepa mabasi, koma ingapite. Atagwira usana ndi usiku, n'kukwera basi ya Lamlungu."

"Wamadziyo watsala?"

"Chitini chimodzi."

"Bweretsa."

Anachitenga pansi pa kauntala. Ndinamuuza atsegule ndinunkhize. Sichinkanunkha thina. Ndinachiika m'chikwama pamodzi ndi masupuni.

"Tsono tamvera malonda ake. Ndikukupatsa mpaka mawa masana kuti ukamuuze wekha ndi pakamwa pakopo. Ukapanda kubwera ndimuuza ine, ndipo ndikatha iye ndiuza msika wonse, benchi ndi benchi."

"Amayi, chonde. Mukamuuza, simugwetsa ine ndekha."

"Ukundiopseza?"

"Ayi. Koma nzeru imeneyi sindinaiyambe ine." Anayang'ana pansi. "Bambo ake Tinthu anabwera kuno Lachiwiri. Anapeza masupuniwa akuuma pawindo. Anafunsa kuti yamtandayi yatani, ndinawafotokozera. Anaima pomwe mwaimapo. Kenako anati, mwana wanga wamwamuna anapita kumzinda womwewo, chaka chachisanu ndi chimodzi chino, ngakhale foni. Uyu ndi amene wanditsalira. Anati, mkamwini, botolo lopanda chizindikiro silinena kuti muli chiyani."

Khoswe wa padenga waulula wa padzala.

Ndinafuna kumumenya mbama kuti wanama. Koma mawu amenewo ndinawazindikira. Amuna anga salamula munthu. Amangoika mawu patebulo ngati sikuluwu ya wotchi, n'kukusiya uitole wekha. Zaka makumi atatu ndagona nawo mphasa imodzi, ndipo Lachinayi lija anaima pakhomo akuonerera mwana wawo akupopera. Anandimva ine ndikumukalipira kuti asiye supuni. Sanatsokomole n'komwe.

*

Ndinafika kunyumba dzuwa lili pamutu. Depoti inali itabwerera patebulo, yofundidwa ndi nsalu ngati maliro. Tinthu anakhala pampando wautali, mutu atatsamira paphewa la bambo ake. Iwo ankamusisita tsitsi. Maso ake anali otupa koma nkhope inali itatsika.

"Amayi, munali kuti? Benchi yanu akuti sinatsegulidwe."

"Ndinali ndi zoyendera."

Amuna anga anayang'ana chikwama changa. Chitini chinkaonekera pakamwa pake, ndi kansonga ka tepi wabuluu. Anachotsa dzanja pamutu pa mwana.

"Bambo andilangiza," Tinthu anapitiriza. "Akuti zinthu zina zimakanika kuti zikupulumutse. Mwina thina wotsalira m'kabotolo uja ndi amene anachita zimenezi, si dala. Ndamulakwira mnzanga, Amayi. Usiku wonse ndimamuganizira zoipa ndi mtsikana uja, pamene iye wakhala akundiimbira kasanu. Ndamupepesa. Bambo akuti ukwati tisaudikiritsenso chaka chamawa, tiufulumize, ndizipanga tinthu tanga kuseri kwa shopu yake."

"Wamupepesa," ndinabwereza.

"Amayi ake Tinthu," amuna anga anaimirira, "tabwera undithandize kaye kuchipinda kuno."

Ndinawatsatira mpaka m'kakhonde ka m'kati. Anatseka chitseko n'kundigwira pamkono. 

"Wapita kushopu," ananong'ona.

"Ndapita. Ndi kwa Wazikhadabo komwe. Inu bambo inu, mwana wanu yemwe?"

"Tsitsa mawu."

"Mawu anga sanatsikepo chibadwire, ayambira lero?"

"Tamvera. Mnyamata uja ukamugwetsa, agwa ndi ine. Mwanayu ataya mwamuna ndi bambo ake tsiku limodzi. Akwera basi ija ndipo sadzabweranso, ngati mchimwene wake. Nawenso sadzakukhululukira, unamuletsa supuni ndiwe. Udzatsala ndi ine ndi mawotchi m'nyumba muno. Ukakhala chete, akhala pafupi, adzukulu udzawanyamula pamsana pako. Iwe umadziwa malonda. Yeza wekha."

Moyo wanga wonse palibe amene anandipanikizapo pamalonda chonchi. Woyamba anakhala mwamuna wanga, m'kakhonde ka m'nyumba mwanga.

Ndinachotsa dzanja lawo pamkono panga chala chimodzichimodzi, n'kubwerera pabalaza. Ananditsatira n'kuima kumbuyo kwanga, pafupi moti mpweya wawo ndinkaumva pakhosi.

Tinthu anali ndi foni m'manja.

"Ndalembera akampani aja," anatero. "Tamverani. Pepani, ndachotsa dzina langa, sindibwera Lolemba. Zikomo chifukwa cha mwayi." Anakweza maso. Chala chake chinali pamwamba pa potumizira. "Bambo akuti nditumize mtima ukhale pansi. Mnzanga nayenso watero. Koma ndimadikira inu. M'nyumba muno inu nokha ndi amene simundikometsera mawu. Nditumize, Amayi?"